Mutu 6: Mano a Pikapu

1. Masamba salinda munthu

Mu Januwale 2024 mvula inagwa bwino kwa Changata. Tiyi anaphuka mpaka manja kuchepa. Alimi a Kalabu ya Tidziwane ankalawirira m'minda yawo ing'onoing'ono kukathyola masamba awiri ndi kansonga, kenako n'kupita nawo pa shedi kukayeza. Kuchokera pamenepo pikapu ya kalabu inkasenza matumba onse kukatula ku fakitale ya pa esiteti.

Aliyense wa ku Thyolo amadziwa kuti masamba a tiyi salinda munthu. Akakhalitsa m'thumba amatentha okha, amafiira, ndipo a fakitale amawabweza. Thukuta la tsiku lonse limathera pomwepo.

Pikapuyo kalabu inagula kwa manijala wina amene ankapuma pa ntchito. Inali yakale koma yamphamvu, chifukwa inali ndi supachaja, chida chimene chimapanikiza mpweya n'kuukankhira mu injini. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. N'chifukwa chake usanalowe mu injini umayamba wadutsa mu intakula, bokosi la timipata tambirimbiri tooneka ngati malesa a njuchi, kuti mphepo ya panjira iuziziritse.

Lolemba, pa 15 Januwale, intakulayo inang'ambika. Dalaivala wa kalabu, a Andreya, anaikwawitsa pikapuyo mpaka pa galaja ya a Malizani pa msika. A esiteti anavomera kubwereketsa thirakitala yonyamula masamba, koma anati mpaka Lachinayi basi. Lachisanu pikapu inayenera kukhala pa msewu.

A Malizani anali makaniki wamkulu wa pa esiteti asanapume. Tsopano ng'ala inali itawaphimba diso lakumanja, ndipo Lachitatu lomwelo ankayembekezeka ku chipatala ku Blantyre. Pa galajapo panatsala Tamando, mwana wa mlongo wawo. Anali ndi zaka 19. Mu Novembala anali atamaliza maphunziro a umakaniki ku koleji, atakhoza kuposa anyamata onse a m'kalasi mwake.

Ena m'kalabu anang'ung'udza. Koma mayi ake a Tamando, a Teleza, amenenso anali mlimi wa kalabuyo, anaimirira pa shedi dengu lili kumsana.

"Mupatseni mwana wanga ntchitoyi," anatero. "Ndinamuphunzitsa ndi masamba omwewa. Ikavuta, mudzandifunse ine."

2. Chenjezo la malume

Lachiwiri madzulo a Malizani anamuitana Tamando. Anali atakhala pa tayala lakale, intakula yong'ambika ili pamiyendo, akuisisita ndi zala.

"Khala pansi ndikuuze," anatero. "Zoyeza mapaipi ndi zowerengera mpweya sindikuphunzitsa, unazikhoza kale kusukulu, mwinanso kuposa ine. Changa ndi chimodzi. Chida sasankhira pa galaja, sasankhiranso m'sitolo. Amasankhira kumene galimoto imagwira ntchito. Nsapato ya mlenje si nsapato ya mlaliki, ngakhale phazi likhale lofanana. Mawa m'mawa, usanakwere basi ya ku Limbe, upite pa shedi. Ukaone pamene pikapu imaima, mmene amapakirira, ndi msewu umene imadutsa. Ukacheze ndi Andreya, ngakhale amalankhula ngati wailesi yopanda chozimitsira. Ukafunse amayi amene amaponya matumba aja. Ine shedi yatsopanoyo sindinaione bwino chiyambireni vuto la masoli, ndiye sindingakuuze zimene ukapeze."

"Ndamva, amalume."

"Sindinathe. Waiona bampala ya pikapu ija? Si imene inabwera ndi galimoto ayi. Ndi chitsulo chochindikala, chowotcherera pamanja, chosaoneka bwino ngati chitseko cha khola. Sindine ndinaika. Koma munthu sataya chitsulo chotero pa galimoto popanda chifukwa. Ukapeza chinthu chimene sukuchimvetsa, usathamangire kuchichotsa. Yamba wafunsa amene amakhala nacho. Safunsa anadya phula, Tamando. Ndipo phula la galimoto sadya makaniki yekha. Amadya onse amene aikamo katundu."

Tamando anavomera ndi mutu.

Koma pa shedi sankakonda kupondapo. Kumeneko kunali amayi amene anamuberekapo kumsana ali khanda. Ankamutchabe dzina lake la paubwana, Kamphuno, ndipo akamuona mu ovolosi ankagwirana manja n'kumaseka. Kunali matope, fungo la thukuta ndi mapepala apulasitiki omanga m'chiuno. Komanso msewu wa pa shedi ankadutsamo m'mawa uliwonse Uchizi pa njinga yake yamoto.

Uchizi anali mnzake wa ku koleji, mwana wa manijala wina wochokera ku Rumphi, ndipo ankaphunzira ntchito pa galaja ya esiteti. Tsiku lina adakali ku koleji, Uchizi anafunsa zimene mayi ake a Tamando amachita. Tamando anayankha kuti amachita bizinesi. Bodzalo anali asanalibweze.

Lachitatu m'mawa Tamando anaperekeza malume ake ku basi. Pobwerera anafika pa mphambano yopita ku shedi, n'kuima. Kumusi kunkaoneka madengu ataima pa mzere. Anayang'ana kanthawi, kenako anatulutsa foni. Uchizi anali atamuuza kuti tsiku limenelo atumidwa ku Limbe ndi galimoto ya esiteti, ndipo malo alipo.

Tamando anapitirira mphambanoyo.

3. Ziwiri pa tebulo

M'sitolo ya zida za galimoto ku Limbe, wogulitsa anaika intakula ziwiri pa tebulo. Mtengo wake unali umodzi.

Yoyamba inali yofanana ndi yakale ija: yaing'ono, yakuda, ya timipata totakasuka. Malo ake anali m'mwamba, kuseri kwa zitsulo za kumaso kwa galimoto, pamene munthu saiona. Yachiwiri inali yaikulu, yochindikala, ya timipata tothinana, ndipo inkanyezimira ngati sefuliya yatsopano.

"Iyi ndi ya agogo," anatero Uchizi, akugogoda yakudayo ndi chala. "Ya anthu amoyo ndi iyi. Taona apa."

Anamuonetsa kanema pa foni. Mapikapu a ku Joni ankathamanga pa tala wosalala, mabampala atadulidwa pakati, intakula zikuonekera kutsogolo ngati mano.

"Yaikuluyi mpweya umatuluka ngati wa m'firiji," anatero wogulitsa. "Bola galimoto izithamanga, ndipo msewu ukhale woyera. Yanuyo imayenda kuti, achemwali? Pa tala kapena m'matope?"

Tamando anaponya diso kwa Uchizi.

"Kwambiri pa tala," anayankha.

Chilungamo chake n'chakuti Tamando ankadziwa. Ku koleji anaphunzira kuti intakula yaikulu ikakhala kutsogolo kwa rediyeta, chida choziziritsa madzi a injini, imafuna mphepo yambiri, ndipo galimoto yokwera chitunda pang'onopang'ono ndi katundu siipeza mphepo yotero. Funso limeneli linabwera pa mayeso omaliza, ndipo iye analikhoza.

Anatulutsa tepi n'kuyeza. Yaikuluyo sikanakwana pa malo akale. Inayenera kutsika m'munsi, pamene panali bampala.

"Ndiye kuti ndidule bampala," anatero motsitsa mawu.

"Ingodula," anatero Uchizi. "Makaniki woopa gulayinda ndi makaniki wanji? Lachisanu ndidzaijambula ikukwera chitunda, tidzaike pa gulu la pa foni la kalasi yathu. Aone kuti ku Thyolo kulinso anthu. Anyamata aja ankati iwe udzathera kupukuta mawindo."

Tamando anagwira yakuda ija, n'kuitembenuza. Kenako anaikankhira kumbali.

"Mangani yonyezimirayo," anatero.

4. Pikapu iseka

Lachinayi lonse Tamando anagwira ntchito yekha. Anaigwira mosamala. Mapaipi anawayeza, zomangira anazilimbitsa bwino, ndipo palibe pamene mpweya unkathawira.

Chovuta chinali bampala. Chitsulocho chinalimbana ndi gulayinda, makina odulira zitsulo, mpaka manja ake anachita dzanzi. Chidutswa chapakati chitagwa, Tamando anachitola. M'kati mwake munali dothi lofiira louma gwa. Kunja kwake kunali kosalala ndi kowala ngati khasu la mlimi wakhama. Anachiyang'ana, n'kuchiponya pa mulu wa zitsulo zakutha.

Dzuwa litapendeka a Andreya anatulukira. Anazungulira pikapuyo manja ali kumbuyo, n'kuima kutsogolo.

"Amakaniki, mwaiika mano galimoto yanga? Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda ndi nkhalamba yopanda dzino n'limodzi lomwe. Lero ndapeza namwali. Akazi anga akamva, mudzandiyankhira ndinu."

Anailiza n'kupita nayo pa tala. Pobwera ankaseka okha.

"Ikuuluka imeneyi. Ndikangoiponda pang'ono ikufunsa kuti Mulanje ndi kuti. Koma bampala yanga mwaichita chiyani?"

"Inkatsekereza mphepo."

"Chabwino, asukulu ndinu." A Andreya anakanda kumutu. "Nanga pali chimene ndiyenera kusintha mawa?"

Tamando anali akupukuta zidindo za zala za mafuta zimene zinatsala pa intakula.

"Palibe," anatero osacheuka. "Muzichita zonse monga mwa masiku onse."

5. Pa Giyawani

Pakati pa shedi ndi fakitale pali chitunda chachitali chimene madalaivala amachitcha Giyawani, chifukwa galimoto yolemedwa siingachikwere ndi giya ina. Mbali zonse ziwiri ndi minda ya tiyi. Mtengo wa mthunzi palibe.

Lachisanu, pa 19 Januwale, kunacha mvula itakhutula usiku. Kenako mitambo inayalula, dzuwa n'kuswa mtengo. Tamando ndi Uchizi anaima pamwamba pa chitundacho, foni ili m'manja. Tamando anali atachapa ovolosi yake.

Inadutsa lole ya nkhuni. Inadutsa njinga ya nthochi. Pikapu sinaoneke.

Kenako foni ya Tamando inalira. Anali a Andreya, ndipo sankaseka.

"Amakaniki, tabwerani. Namwali wanu wakomoka."

Anatsetsereka pa njinga ya Uchizi. Pikapu anaipeza pakati pa chitunda, miyala ili kumbuyo kwa matayala, matumba atadzaza mpaka pamwamba. Nthunzi inkatuluka m'boneti. Kutsogolo kunalibe chonyezimira. Intakula yonse inali itamatidwa ndi dothi lofiira ngati khoma la nyumba yatsopano, ndipo pakati pake panali patalowa m'kati. Mphepo inalibe polowera. Rediyeta imene inali kuseri kwake inawira mpaka paipi yam'mwamba inaphulika.

"Mwagunda chiyani, a Andreya?"

"Sindinagunde kanthu. Ndinaiimika monga mwa masiku onse."

"Monga bwanji?"

A Andreya anamuyang'ana modabwa. "Kodi simudziwa? Pa shedi paja ndi potsetsereka. Handibuleki yokha sindingaikhulupirire anthu akukwera ndi kutsika, ana akuzungulira. Ndiye ndimaitsamiritsa mphuno pa khoma la dothi lija. Thumba lililonse likagwera m'mwambamo, galimoto imakanikiza khomalo. Ntchito ya bampala ija inali imeneyo. Zimenezi ngakhale mbuzi za pa shedi zimadziwa." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Ine ndinaona chikuwala, ndinati ndiye kuti n'cholimba kuposa chakale. Ndipo dzulo ndinakufunsani."

Tamando anagwada n'kuyamba kutokosa dothi ndi waya. Timipata tinali tothinana, dothi linali lonyowa, ndipo waya ankangolikankhira m'kati. Ngakhale akanalichotsa lonse, paipi ina analibe.

Uchizi anaimbira ku galaja ya esiteti. Akumeneko anamuuza kuti mathirakitala onse ali ku minda ya kutali, ndipo sangapezeke mpaka masana atapita.

Kalabu inali ndi lamulo lakuti alimi awiri aziperekeza masamba kukaonerera sikelo ya fakitale. Tsiku limenelo anali wapampando, mayi Rachel, ndi a Teleza. Awiriwo anali atayamba kale kutsitsa matumba. Posakhalitsa uthenga unafika pa shedi, ndipo alimi ena anakwera chitundacho wapansi. Amayi anavula zitenje zapamwamba n'kuziyala m'mbali mwa msewu kuti ayanikepo masamba apume. Koma zitenje zinali zochepa. Oyalidwawo dzuwa linkawawaula, otsala m'matumba ankapsa ndi kutentha kwawo komwe.

"Kamphuno," a Teleza anaitana. "Tabwera kuno."

Tamando anaimirira. Matope anali atafika m'zigongono.

"Mumadziwana?" anafunsa Uchizi.

"Ndi mwana wanga uyu," anatero a Teleza. "Inu ndinu a Uchizi eti? Ndimakuonani mukudutsa pa shedi ndi njinga yanu. Mumatiwaza matope, koma mumaimika dzanja."

Uchizi anavula chisoti. Anayang'ana pepala lapulasitiki limene linali m'chiuno mwa mayiwo, ndi zala zawo zakuda ndi utomoni wa tiyi. Anayang'ananso Tamando. Kenako anawerama n'kuwapatsa moni ndi manja awiri.

"Pepani, amayi, sindinkadziwa," anatero. Anaika foni m'thumba, anapita ku pikapu, n'kusenza thumba la masamba paphewa.

A Teleza anamasula thumba limodzi.

"Pisa dzanja."

Tamando anapisa. M'kati munali motentha ngati pamphumi pa mwana wa malungo. Atatulutsa dzanjalo, masamba amene anamatirira ku zala anali atayamba kufiira m'mphepete.

"Wamva?" anatero a Teleza. "Awa ndi a mayi Flossie. Athyola ali ndi pakati potopa. Awo ndi a agogo ako aang'ono. Anga ali pansi penipeni, chifukwa ndinali woyamba pa sikelo. Za chitsulocho sindikufunsa, sindizidziwa. Ndikufunsa chimodzi. Malume ako anandiuza kuti Lachitatu ubwera pa shedi. Ndinakudikira. Ndinakusungira chinangwa chootcha. Ndinauza anzanga kuti lero muona makaniki wanga akuyeza galimoto. Unadwala?"

"Ayi, amayi."

"Unasochera?"

Tamando anayang'ana pansi.

"Mwananga, kunyansidwa ndi matope si mlandu. Ngakhale ine sindiwakonda. Ndinakutumiza kusukulu kuti iwe usamagone ndi msana wowawa ngati wanga, ndipo ukavala ovolosi mtima wanga umayera. Anzanga akamaseka, sakukunyoza. Akusangalala kuti mwana amene anamupukuta mamina lero akumasula injini. Koma galimoto iyi imadyera m'matope momwemo, monga unadyera iwe. Sungaikonze utatseka mphuno. Ukafuna kutithandiza, uyambe watiyang'ana. Ukachita manyazi kutiyang'ana, tisiye, tidzapeza wina."

Mawu otsiriza anawanena m'Chilomwe, motsitsa kwambiri, monga ankachitira zinthu zikawapweteka. Kenako anamanga thumbalo n'kupita kukathandiza anzawo.

Thirakitala inafika dzuwa litapendeka. Ku fakitale, woyeza masamba anamasula matumba limodzilimodzi, akununkhiza ndi kufinya. Analandira ochepa amene anayalidwa pa zitenje. Ena onse anawabweza. Madzulo amenewo alimi a Tidziwane anasenza masamba awo ofiira kubwerera nawo kumudzi, kukawathira patsinde pa nthochi.

Pa njira palibe amene anamukalipira Tamando. Palibenso amene anamutchula Kamphuno.

6. Mphambano ija

Loweruka m'mawa a Malizani anabwera kuchokera ku chipatala, diso lili lomata ndi bandeji. Pikapu inali itakokedwera pa galaja. Tamando anali atamasula kale intakula ija n'kuigoneka pansi.

A Malizani ananjuta. Anayendetsa zala pa mapaipi, pa zomangira, pa malo odulidwa a bampala.

"Ntchito ya manja ndi yabwino," anatero. "Zomangira zonse zili m'malo mwake. Wadula mowongoka. Ine pa msinkhu wako sindikanatha." Anakhudza dothi louma la m'timipata. "Pa shedi unapita?"

"Ayi, amalume."

"Yakuda inalipo?"

"Inalipo."

A Malizani anakhala pa tayala lawo lija. 

"Galimoto tikonza," anatero. "Paipi ndi yosavuta, intakula yakuda ikadali ku Limbe, bampala tiwotcherera. Chitsulo chimakhululuka. Koma pobwera ndakumana ndi mayi Rachel. Kalabu ikukumana pa shedi m'mawa uno. Anthu akuti Andreya anatenga chida chatsopano n'kukachikhomera pa khoma, ndiye asiye makiyi. Andreya ali ndi ana anayi ndipo ntchito ina alibe. Akuti dzulo anamufunsa kangapo ngati makaniki anamuchenjeza. Iye wangoti, mwanayo ndi wamng'ono, musiyeni. Munthu wolongolola uja, pa nkhani iyi wasoka pakamwa. Ndipo mayi ako akaimirira, chifukwa anati ikavuta mudzandifunse ine. Anthu awiri akusenza katundu amene si wawo. Ndakhala pa ntchito iyi mpaka imvi, ndipo ndaona amakaniki ambiri akuthyola zinthu. Amene anathera panjira si amene ankathyola. Ndi amene ankathyola n'kubisala kuseri kwa dalaivala."

"Ndipite, amalume?"

"Ine sindikutuma. Ndinakutuma kamodzi."

Tamando anatenga sanza yopukutira mafuta, anaipinda ngati nkhata, n'kuiika pamutu. Anawerama, ananyamula intakula ija ndi matope ake, n'kuisenza.

Anadutsa nayo pakati pa msika. Ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Anyamata a kabaza anatsegula pakamwa kuti amuseke, koma ataona nkhope yake anangomupatsa njira. Dothi louma linkayoyokera m'khosi mwake.

Pa mphambano ija anakhota.

Shedi anaiona koyamba ndi maso a makaniki. Malowo analidi otsetsereka kwambiri. Kumusi kwake kunali khoma la dothi lofiira, lofika m'chiuno. Pa khomalo panali mzere wautali wosalala umene bampala inasiya pa masiku onse a ntchito yake. Pakati pa mzerewo panali chidindo chatsopano cha timizere ting'onoting'ono, ngati pamene paluma mano. Munthu wongoima pamenepo kamphindi akanamvetsa zonse.

Alimi anali atakhala pa madengu ovundikira. A Andreya anakhala paokha, makiyi ali pa bondo. A Teleza anali ataimirira kale, manja ali kumbuyo.

"Tamva mbali zonse," ankatero mayi Rachel. "A Teleza akuti mlandu ndi wawo, koma a Teleza sayendetsa galimoto. Amene akuti a Andreya asiye makiyi akweze dzanja."

Manja anayamba kukwera.

Tamando analowa pakati pa bwalo. Anatula intakula ija patsogolo pa sikelo, ndipo dothi linamwazika mpaka pa mapazi a wapampando.

"Dikirani, amayi," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza. "Dikirani. Simunamve mbali zonse."

Manja ena anatsika. Ena anakhalabe m'mwamba. A Andreya anamupukusira mutu kuti asiye, koma iye sanawayang'ane.

Mayi Rachel anayang'ana chitsulocho, anayang'ana khoma, kenako anamuyang'ana iye nthawi yaitali.

"Lankhula, Tamando," anatero. "Koma udziwe kuti ukamaliza, manja awa akwezedwabe. Chimene chisinthe n'chakuti akwezedwera ndani."

Tamando anachotsa nkhata pamutu. Anapukuta dothi pamphumi, anatembenukira kumene kunaima mayi ake, n'kuyambira pa Lachitatu.